Chambiko cha Temwani

A Limbikani Namalomba ndi munthu woti mutakwera nawo basi imodzi, potsika mwawaiwala kale. Ndi aafupi, a imvi za m'mbali, jekete lawo ndi lomwelo labulauni chaka chonse, ndipo akamalankhula umachita kusendera pafupi kuti umve. Kwawo ndi ku Chiradzulu. Amakhala ku Tipton, kuno ku England, m'nyumba zogundana makoma zija, kuseri kwake kukudutsa ngalande ya madzi obiriwira. Ine ndine Felista, nesi, ndipo ndimawaitana kuti alamu chifukwa mkazi wawo, Temwani, anali mnzanga kuyambira tili kusukulu ya unesi kumudzi. Ndikulemba za iwo chifukwa ndinawalakwira, ndipo mpaka lero sindinawauze zonse.

Amagwira ntchito mu labu ya chipatala. Ife manesi tikatenga mkodzo, makhololo kapena mafinya a wodwala, timatumiza pansi n'kuiwalako. Pansipo ndi pamene pali alamu angawa. Amapaka zinthuzo pa timbale tokhala ndi chakudya chonga jeli, n'kutilonga m'kabati yotentha ngati thupi la munthu, ndipo m'mawa mwake amapeza timadontho tamera mbale yonse. Ntchito yathu ndi kupha tizilombo, yawo ndi kutiweta. Tsiku lina tikuwotcha nyama kuseri kwa nyumba yawo ndinawaseka kuti ndi mbusa wa matenda, koma iwo anandiyankha ngati ndafunsa funso la nzeru.

"Mabakiteriya safuna zambiri, alamu. Chakudya, chinyezi, pofunda, ndiye nthawi. Mukawapatsa zimenezo, kamodzi kamagawika pakati n'kukhala tiwiri, tiwirito tinayi, pofika m'mawa ndi mudzi wathunthu. Mukawamana chimodzi chokha, aima. Komanso si onse amene ali adani."

"Onse ndi adani," ndinatero ine. "Mundifunse ine amene ndimasamba m'manja kasate pa tsiku."

Temwani anaseka mpaka kutsamwa. Iye anali wosiyana ndi mwamuna wake ngati usiku ndi usana: wamtali, waphokoso, mwana wa ku Mzimba, kwa ng'ombe. Atangofika kuno anasowa chambiko mpaka kudwala nacho. Anagula mkaka wa m'shopu n'kuusiya pazenera masiku anayi monga ankachitira kwawo, koma m'malo mosasa unangowola, n'kumawawa ndi kununkha ngati khoswe wakufa. Mwamuna wake ndiye anamufotokozera. Mkaka wa kuno amautenthetsa ku fakitale, ndiye tizilombo tousasitsa timafera komweko, totsala n'tongolowerera. Komanso nyumba ya ku England ndi yozizira, pamene kwawo khonde lokha linali lokwanira.

Atapita kutchuthi kumudzi, mayi ake anaviika kansalu koyera m'chambiko cha pakhomo, n'kukaumitsa gwa pamthunzi. Popanda madzi tizilombo timangogona, anatero a Limbikani. Kansaluko atabwera nako anakaponya mu mkaka wofunda, botolo n'kuliika m'kabati ya boila yotenthetsa madzi, muja timaumitsira matawulo, ndipo tsiku lachitatu mkaka unagwira. Kuyambira pamenepo, masiku atatu alionse Temwani ankatapa supuni imodzi ya chambiko chakale n'kuthira mu mkaka watsopano. Anachita zimenezi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri osadumphitsa.

Vuto la Temwani linali kupatsa. Ankalonga chambiko m'timakontena ta majarini, kulemba deti pachivindikiro, n'kumagawa kutchalitchi kwathu ku Oldbury. Ine, monga mnzake wa pamtima, ndinkalandira mwezi uliwonse. Koma ine ndinakulira ku Ndirande, mkaka ndinkaudziwa wa mu tiyi basi, ndipo fungo la chambiko linkandidzutsira mseru. Ndikafika kunyumba ndinkakhuthulira mu sinki, kutsuka kakontenako, Lamlungu lotsatira n'kukabweza ndikumwetulira.

"Chinali bwanji?" ankafunsa.

"Usanene, mnzanga. Tinachita kulimbirana."

Bodza limeneli ndinalinena zaka zonsezo, ndipo sindinalawepo ngakhale kansonga ka supuni.

Temwani anagwa ali pa shifiti mwezi wa Febuluwale, sitiroko, ndipo sanadzukenso. Mtembo unapita ku Mzimba, choncho kuno kulibe ngakhale manda oti munthu n'kukaimapo. Sabata ya maliro tinadzaza nyumba ija mpaka pamasitepe, kuimba, kuphika, kugona pansi. Koma maliro a kuno amatha msanga, Lolemba aliyense ali pa shifiti. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Tiffany, anabwerera kuntchito kwake ku Manchester, n'kumaimba foni Lamlungu, bambo akufunsa m'Chichewa iye akuyankha m'Chingelezi. Patapita miyezi ingapo a Limbikani anasiya kubwera kutchalitchi. Pagulu lathu la amayi pa foni wina ankalemba kuti tiwayendere bambo aja, tonse n'kuvomera ndi timanja topemphera, koma palibe anapita. Ine ndemwe ndinkadutsa msewu wa ku Tipton kawiri pa sabata, n'kumati ndidzaima mawa.

Chaka chitakwana, abusa anati Loweruka tikachite mapemphero a chikumbutso kunyumba kwawoko. Mwambo wathu mukuudziwa, amayi sangalole kuti anthu akalowe m'nyumba ya mwamuna wamasiye isanakonzedwe. Tiffany, amene anati afika Loweruka m'mawa, ananditumizira kiyi papositi, ndipo Lachisanu masana, eni ake ali kuntchito, tinalowa atatu: ine, Flossie ndi Jacqueline, tonse manesi, titanyamula magulovu, mopu ndi jiki. Kunena zoona, sitinapite kukachotsa fumbi. Tinapita kukachotsa manyazi athu.

Tinapeza nyumba ili yoyera mbee. Pa sinki panali kapu imodzi, mbale imodzi ndi foloko imodzi, zotsukatsuka. Nsapato za Temwani zinali pakhomo pomwe paja, zopukutidwa. Zimenezi zinandikwiyitsa, sindibisa. Munthu wabwera kudzapulumutsa mnzake, n'kupeza palibe chopulumutsa. Ndinakwera m'mwamba ndikusakasaka cholakwika, ndipo nditatsegula kabati ya boila fungo linandiwomba kumaso.

Pakati pa matawulo panali botolo lalikulu lagalasi, lokulungidwa m'chitenje. Mkati munali mkaka wogwirana, timadzi tachikasu titayandama pamwamba. Pambali pake panali kachipangizo koyezera kutentha. Kameneko ndinakaona ndi maso angawa, koma mutu sunagwire. Chambiko ndinkachidziwa chili m'kakontena ka majarini, komwe chinkapangidwira sindinafikeko. Ndinkadziwanso kuti alamu anga salawa mkaka, umawatsegula m'mimba kuyambira ali mwana. Ndiye mumtima ndinangoti bambowa anaiwala mkaka wa malemu chaka chathunthu.

"Tabwerani mudzaone moyo wa mwamuna wopanda mkazi," ndinaitana anzanga.

"Mayo ine," anatero Flossie atagwira mphuno. "Botolo lina lotere ndalipeza mu firiji, ndataya kale."

Safunsa anadya phula. Ndinakhuthulira zonse mu sinki n'kutsegula mpopi wa madzi otentha. Mabotolo onse awiri ndinawaviika mu jiki pamodzi ndi zivindikiro zake, kenako n'kuwatsuka ndi madzi owira a m'ketulo, monga tinaphunzitsidwira. Chitenje chija Jacqueline anachiponya m'makina ochapira, pa madzi otentha kwambiri. Tinapukuta m'kabatimo ndi jiki yemweyo, ndipo tinakhala pansi kumwa tiyi tikudziyamikira.

A Limbikani anafika cha m'ma faifi. Anatipatsa moni mmodzimmodzi, n'kuthokoza. Ine pakamwa pangapa sindinadikire.

"Alamu, mukanafa nazo zinthu zowola. Mkaka uja munauiwala m'kabati tauchotsa."

Anakwera masitepe asanavule jekete, ndipo tinamva chitseko cha kabati chikutseguka. Anakhalitsa kumeneko. Atatsika anali ndi kachipangizo koyezera kaja m'manja. Anatsegula firiji, kuyang'ana, kutseka. Kenako anaona mabotolo awiri titawavundikira pambali pa sinki, anatenga limodzi n'kulinunkhiza.

"Mwatsuka ndi chiyani?"

"Jiki, ndi madzi owira."

"Mwatsuka bwino," anatero, n'kukhala pampando. "Palibe chimene chingatsale pamenepo."

Anatifotokozera akuyang'ana patebulo, ndi mawu awo apansipansi aja. Tsiku limene Temwani anagwa, chambiko chinali pa tsiku lake lachiwiri. Iwo atabwera kuchokera kuchipatala, nyumba itadzaza anthu olira, anakumbukira kuti mawa lake chikufunika mkaka watsopano, apo ayi tizilombo tifa ndi kusasa kwake komwe. Anakwera m'mwamba n'kukachita zimene ankaona mkazi wawo akuchita. Poperekeza maliro ku Mzimba anachiika mu firiji kuti chigone, ndipo atabwerera anachidzutsa. Kuyambira pamenepo, masiku atatu alionse ankafunditsa mkaka, kutapa supuni imodzi, kukulunga botolo m'chitenje, n'kutaya chakalecho popeza panalibe wochidya. Tiffany anachikana ali wamng'ono, ankati chimanunkha.

"Zovala zake zilipo, zithunzi zilipo," anatero. "Koma zonsezo n'zakufa. Ichi chokha n'chimene chinali chidakali moyo, chochokera m'manja mwake."

Flossie anayamba kulira. Ine ndikachita manyazi ndimakalipa, ndi chibadwa changa choipa.

"Nanga bwanji simunalembepo kanthu? Kapepala kokha koti musataye?"

Anakweza maso n'kundiyang'ana, opanda mkwiyo uliwonse.

"Ndikanalembera ndani, alamu? Muno simulowa munthu."

Mawu amenewo anandilasa kuposa mbama, ndipo ndinasowa poyang'ana.

Mapemphero a Loweruka anachitika. Tinaimba, abusa analalikira, a Limbikani anakhala pakona atavala suti, akulandira manja a anthu. Ine ndinkazungulira kukhitchini kufunsa amayi mmodzimmodzi ngati alipo anasungako mbewu ya chambiko cha Temwani. Panalibe. Odya anadya n'kutsuka, ena anangoyang'ana kumbali ngati ine ndemwe. Ku Mzimba nakonso mayi ake anamwalira kalekale, ng'ombe zinagulitsidwa, pakhomopo palibenso amene amasasitsa mkaka. Madzi akatayika sawoleka, anandiuza Jacqueline. Ndinamuyankha kuti miyambi akaiuze agogo ake.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi, ndikusenda anyezi, ndinakumbukira. Kakontena komaliza Temwani anandipatsa mu Januwale, patatsala mwezi kuti amwalire. Tsiku limenelo kunyumba kunali alendo, sinki itadzaza mbale, ndiye ndinangokaponya mu firiza yaikulu ya m'shedi kuti ndidzataye bwino. Ndinasiya mpeni n'kuthamangira kushediko. Ndinatulutsa nkhuku, nyemba zophikaphika, mkhwani wa chaka chatha, matemba amene ndinali nditawaiwala, zala zitachita dzanzi. Pansi penipeni, katamatirira pakona, kanali pomwepo. Pachivindikiro panali deti, ndi zilembo zake zopendekera zija: Felista wanga.

Lolemba nditaweruka ndinapita ku Tipton, kakontenako nditakakulunga m'nyuzipepala. A Limbikani anakalandira ndi manja awiri. Anawerenga detiyo, n'kuwerenganso.

"Munasunga?"

"Ndinasunga," ndinatero.

Sanafunse zambiri. Ndinafunsa ngati muli chamoyo, ndipo anati sakudziwa. Kuzizira sikupha onse, ambiri amafa madzi akamaundana, koma ena amangogona, ndipo chaka ndi mwezi ndi tulo tatitali. Ine, wa changu changa chija, ndinati tiike mu mayikulowevu kuti chisungunuke msanga. Anandilanda kakontenako m'manja mwaulemu n'kukaika mu firiji, kuti chisungunuke chokha pang'onopang'ono mpaka mawa.

Lachiwiri ndinabweranso. Anawiritsa mabotolo atatu n'kuwasiya kuti azizire. Anafunditsa mkaka, kuuyeza ndi kachipangizo kaja, kudikira, kuyezanso, chifukwa ukatentha kwambiri uwapha, ukazizira sadzuka. Chambiko chosungunukacho chinkaoneka chomvetsa chisoni, madzimadzi okhala ndi timibulu. Anachigawa patatu, kuvindikira, n'kukulunga botolo limodzi m'chitenje chija, ena awiriwo m'matawulo. Kabati anali atayitsuka kale ndi madzi okha kuti fungo la jiki wanga lichoke.

"Tsopano titani?"

"Tidikira. Ndi mpikisano, alamu. Mu mkaka uliwonse muli olowerera. Athuwa akadzuka msanga n'kuusasitsa, kusasako kumakhala mpanda, ena sangakulemo. Akachedwa, olowerera atenga malo, mkaka uwola."

Lachitatu panalibe kanthu, mkaka unali mkaka. Lachinayi chimodzimodzi. Ine ndinkafika nditaweruka, tinkakwera limodzi, iwo kutsegula kabati, kupendeketsa botolo pang'ono, kubwezera, kutseka msanga kuti kutentha kusathawe. Kenako tinkakhala kukhitchini. Anatulutsa kapu yachiwiri m'mwamba mwa kabati ya mbale, n'kuitsuka fumbi. Anandiuza kuti kuntchito kwawo masiku ena amatha tsiku lonse atangonena moni wa m'mawa, ndipo Loweruka amayenda m'mbali mwa ngalande mpaka miyendo itatopa kuti tsiku lifupike. Anati chambiko chija chinkawawerengera masiku, chifukwa munthu ukakhala wekha Lachiwiri ndi Lachisanu zimafanana. Ndinamva chisoni, ndinadzidanso ndekha, poganiza kuti sabata imodzi imeneyi ndalowa m'nyumbamo kochuluka kuposa chaka chonse.

Lachisanu botolo loyamba linanunkha fungo la khoswe wakufa lija. Botolo lachiwiri linali litachita thovu, chivindikiro chitatukuka. Anawakhuthula okha mu sinki, ine nditaima kumbuyo ngati mwana wolakwa. Linatsala limodzi, la m'chitenje, ndipo limenelo silinkaonetsa chilichonse, chabwino kapena choipa. Usiku umenewo ndinapemphera za mkaka, chinthu chimene sindinaganizepo kuti ndingachite.

Loweruka ndinafika cha m'ma teni m'mawa. Ndinawapeza atakhala patebulo, botolo lili patsogolo pawo, chitenje atachipinda pambali. Analipendeketsa kuti ndione. Mkaka sunayende. Unali utagwira wonse, wosalala, timadzi tachikasu pang'ono m'mbali.

"Chagwira," ndinatero.

"Chagwira. Koma kugwira kokha si umboni. Mkaka umatha kugwira ndi tizilombo tina, tongochokera mumpweya. Fungo ndikulimva ngati lomwelo, koma mphuno imanama munthu akamafunitsitsa." Anatsegula dirowa n'kutulutsa supuni. "Ine sindinachilawepo, mukudziwa za mimba yanga. Inu ndi amene munachidya zaka zonsezi. Mayi a Tiffany ankati palibe ankachikonda ngati inu."

Anatapa n'kundipatsa.

Ndinaganiza zowauza. Koma ndinawayang'ana bambo aja, atavala jekete m'nyumba mwawo momwe, maso ali pakamwa panga, ndipo ndinalandira supuniyo. Chinali chosasa mpaka m'mano, cholemera palilime, ndipo pambuyo pake panabwera kakomedwe kena kamene sindinkakayembekezera. Kameneko kanali koyamba m'moyo mwanga. Ndinameza.

"Ndi chomwecho?" anafunsa.

"Ndi chomwecho, alamu."

Anatembenukira kuzenera n'kuima choncho nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka. Ine ndinangoyang'ana supuni. Atatembenuka anapukuta kumaso ndi mkono wa jekete, n'kuika mkaka pamoto. Supuni imodzi anathira m'botolo latsopano. Ina anathira m'kakontena ka majarini kaja, kamene anali atakatsuka n'kukasunga, ndipo pachivindikiro analemba deti ya tsikulo m'munsi mwa zilembo za mkazi wawo.

"Chisamakhale pamalo amodzi," anatero akundipatsa. "Masiku atatu alionse, alamu. Pofunda."

Chili m'kabati yanga ya boila mpaka lero, ndipo ndinamatapo pepala la zilembo zazikulu loti musataye. Lachinayi lililonse ndimaima ku Tipton, timamwa tiyi, iwo n'kufunsa ngati changa chikugwira bwino. Ndimachidya tsopano, m'mawa ndisanapite ku shifiti, ndekha kukhitchini. Supuni iliyonse ndimadzifunsa ngati n'chomwecho chimene mnzanga ankandinyamulira mwezi ndi mwezi, ine n'kumakhuthulira mu sinki. Sindidzadziwa.